Mafilimu odzudzula atolankhani okonda magazi: akudzudzuladi, kapena nawonso akugulitsa?

Chiko wa ku Zomba:
Anzanga okonda mafilimu, ndithandizeni maganizo. Kumapeto kwa sabata ndaonera Natural Born Killers ya 1994 ndi Nightcrawler ya 2014, motsatizana. Amene simunaonere mundikhululukire, pano tiulula mathero. Mafilimu onse awiri nkhani yake ndi imodzi: a TV amadyera pa magazi a anthu, ndipo ku America munthu akapha anthu okwanira amatchuka ngati woimba. Koma Natural Born Killers, ya Oliver Stone ija, yandisiya ndi mkwiyo. Akuti akudzudzula a TV chifukwa chokometsa zigawenga, pomwe iye mwini Mickey ndi Mallory, mwamuna ndi mkazi wake omwe ndi akupha a m'filimuyo, wawakometsa kuposa mmene TV iliyonse ikanachitira. Galimoto yopanda denga, magalasi ofiira, nyimbo zokoma, ukwati womangira pamwamba pa mlatho. Anthu aphedwa oposa 50, koma nditazimitsa laputopu panalibe ndi mmodzi yemwe amene nkhope yake inanditsalira m'mutu. Ananditsalira ndi akuphawo basi. Ndiye tinene kuti filimu yadzudzula, kapena nayonso yagulitsa katundu yemweyo?

Mavuto Ndix:
Yagulitsa aise, ndipo ife tinagula. Ine imeneyo ndinaionera mu vidiyo sho, pa benchi, katani yakuda pakhomo, mkati muli fungo la thukuta ndi chimanga chootcha. Chizungu sitinkamva, ndiye zodzudzula a TV zija sizinkatifika n'komwe. Tinkangoona mwamuna wometa mpala akuthyola ndende pamodzi ndi mkazi wake, ife m'manja. Woody Harrelson, wosewera Mickey, akawombera mlonda, sho yonse "eeeh!" Potuluka aliyense akuyenda monyang'wa, ati ndi Mickey.

Tadala M.:
Achimwene Mavuto, kusamva kwanuko si mlandu wa Stone. Filimu ija inanena, ndipo inanena mokuwa. Taonani pomwe akutionetsa kwawo kwa Mallory. Bambo ake, omwe anasewera Rodney Dangerfield, munthu woseketsa wodziwika ku America konse, akumugwira mwana wawo mosayenera, akumuopseza, mayi ali chete. Koma ajambula ngati kasewero koseketsa ka madzulo pa TV, mpaka kuseka kwa anthu kukumveka kumbuyo. Umapezeka wayamba kuseka nawo, kenako manyazi n'kukugwira. Pamenepo wokalipiridwa ndi iwe woonera, ndipo palibe wakometsedwa.

Ndiye pali Wayne Gale, amene anasewera Robert Downey Jr., mwini pulogalamu ya American Maniacs. Iyeyu ndiye chigawenga chenicheni cha filimuyi. Amakakamira kuti acheze ndi Mickey m'ndende, anthu akuonera pompopompo, mpira waukulu wa Super Bowl ukangotha, chifukwa akudziwa kuti dziko lonse lili pa TV. Zipolowe zitabuka m'ndendemo iye sathawa, amatola mfuti n'kuyamba kuwombera nawo, akusangalala. Awiri aja nthawi zonse ankasiya munthu mmodzi wamoyo kuti akafotokoze zomwe waona. Gale ankadalira zimenezo. Kutchire kuja amamuuza kuti mboni ilipo kale, ndi kamera yakeyo, n'kumupha.

Komanso musaiwale chaka. Filimu inatuluka mu Ogasiti 1994. Miyezi iwiri m'mbuyomo, pa 17 Juni, anthu pafupifupi 95 miliyoni anakhala pa TV kuonerera apolisi akutsatira galimoto yoyera momwe munali O.J. Simpson, katswiri wakale wa mpira wa ku America amene ankamuganizira kuti wapha mkazi wake wakale, mu Los Angeles. Kumapeto kwa filimu Stone anaikako zidutswa zenizeni za nkhani za nthawiyo: abale awiri a Menendez omwe anapha makolo awo, katswiri wa masewera Tonya Harding, O.J. yemweyo. Sankapeka.

Chiko wa ku Zomba:
Achemwali, zonsezo ndaziona ndipo sindikutsutsa kuti cholinga chinalipo. Koma kwa ine Stone ali ngati mlaliki wa mu basi amene akudzudzula kachasu, mkamwa mukutuluka fungo la kachasu. Gale wamujambula ngati chitsiru kuti timuseke. Mkulu wa ndende, Tommy Lee Jones, chitsiru. Wapolisi wofufuza uja, chilombo choposa akuphawo. Anthu okhawo amene ali ndi chikondi, amene amasunga lonjezo, ndi Mickey ndi Mallory. Pomaliza ali m'galimoto yaikulu ndi ana awo, moyo ukukoma. Woonera aikidwa mbali iti pamenepo?

Daliso Chipata:
Ndili kumbali ya Chiko. Ndipo kumbukirani kuti nkhaniyo poyamba analemba ndi Quentin Tarantino. Stone ndi anzake anaisintha kwambiri mpaka Tarantino anaikana, dzina lake linangotsala pa mawu oti mwini nkhani. Stone ankafuna zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukalipira anthu chifukwa chokonda magazi komanso kuwapatsa magazi okoma kuti adzaze sinema. Mapanga awiri avumbwitsa.

Madala Mbewe:
Ana inu mukukangana ngati nkhaniyi inayamba 1994. Pezani filimu ya Billy Wilder ya 1951, Ace in the Hole. Ndi yakuda ndi yoyera, mulibe mfuti zolira ngati mbuliwuli, koma sindinaonepo ina yoluma kuposa imeneyo.

Kirk Douglas akusewera Chuck Tatum, mtolankhani amene anachotsedwa ntchito m'manyuzipepala akuluakulu chifukwa cha mowa, bodza ndi akazi a eni. Watsakamira ku kanyuzi kakang'ono ku Albuquerque, New Mexico, ndipo akufunafuna nkhani imodzi yoti imubwezere ku New York. Tsiku lina ali pa ulendo wokalemba zina, akumva kuti munthu wina, Leo Minosa, wapanikizidwa ndi miyala m'phanga. Amalowa yekha m'phangamo, kumupatsa bulangete ndi ndudu, kumutchula mnzake, kumujambula. Wodziwa ntchito akunena kuti akachirikiza makoma a phanga ndi mitengo, munthuyo atuluka pasanathe tsiku. Tatum akuona kuti nkhani ya tsiku limodzi siimupindulira. Ndiye amapangana ndi mkulu wa apolisi wa deralo, amene akufuna mavoti, kuti aumirize wokumbayo kuboola phiri kuchokera pamwamba, ntchito ya sabata yathunthu.

Tsono muone zomwe zimachitika panja. Magalimoto amayamba kufika. Mkazi wa Leo, amene anali atanyamula kale chikwama kuti amuthawe, amatsala chifukwa kalesitilanti kake kayamba kupanga ndalama. Pachipata amaika mtengo wolowera, ndipo mtengowo umakwera anthu akamachuluka. Kumabwera sitima yapadera, oimba apeka nyimbo ya Leo, amakasewero afika ndi chigudumu chachikulu chokweza anthu m'mwamba. Pansi pa phiri munthu wagona mumdima, chitsulo chikugunda pamwamba pa mutu wake usana ndi usiku, chibayo chikumudya. Amafa asanamufikire. Tatum akalengeza pa chimkuzamawu kuti Leo wamwalira, anthu amangopakira katundu, fumbi kobo, kupita. Amatsala ndi bambo ake a Leo, akutsimphina okha pabwalo lodzaza zinyalala.

Chimene ndikufuna muone ndi ichi. Wilder sanamubise wovulalayo. Leo timamudziwa, timamva akulankhula za mphatso yomwe wagulira mkazi wake, timamuona akukhulupirira Tatum mpaka pomaliza. N'chifukwa chake zimawawa.

Mavuto Ndix:
Madala, mwatiululira yonse, tionera chani tsopano? Komabe za mtengo wolowera zija ndazikonda, kuno akanagulitsanso mandasi ndi mayunitsi.

Madala Mbewe:
Ukaonere basi, mwana wanga, kudziwa mathero sikuichepetsa. Ndipo si nthano yongopeka. Mu 1925 ku Kentucky munthu wina wofufuza mapanga, Floyd Collins, anapanikizidwa mwendo ndi mwala m'phanga la Sand Cave. Anthu masauzande anakhamukirako, ogulitsa zakudya ndi zikumbutso anamanga misasa, nyuzipepala ndi mawailesi zikulengeza tsiku ndi tsiku. Anamupeza atafa patadutsa masabata awiri ndi masiku. Mtolankhani wachinyamata amene ankakwawira m'phangamo kukacheza naye, William Burke Miller, analandira mphotho yaikulu ya atolankhani ku America ya Pulitzer. Pambuyo pake mtembo wa Collins unaikidwa m'bokosi la galasi m'phanga lina kuti alendo azilipira kuuona.

Filimu ya Wilder itatuluka anthu sanaikonde, atolankhani anakwiya nayo, ndalama sinapange. A kampani ya mafilimu ya Paramount anaisintha dzina kukhala The Big Carnival poganiza kuti mwina anthu abwera. Sanabwere.

Chiko wa ku Zomba:
Zikomo madala, mwandithandiza kupeza chomwe chimandivuta kunena. N'chifukwa chake Nightcrawler ndaiika pamwamba. Dan Gilroy, amene anaipanga, sanatipatse munthu woti timusirire. Lou Bloom, amene anasewera Jake Gyllenhaal atadziwondetsa mpaka maso kutuluka, timakumana naye akuba waya wa mpanda kukagulitsa kwa ogula zitsulo. Amapempha ntchito pomwepo, mwini malo n'kumuuza kuti salemba mbava. Usiku wina amaona anthu akujambula ngozi ya galimoto kuti akagulitse ku TV m'mawa. Amaba njinga, kukasinthitsa ndi kamera ndi kawailesi komvera mauthenga a apolisi. Ntchito yayamba.

Chimene chinandizizira m'thupi ndi momwe amakwerera pang'onopang'ono. Poyamba amangoyandikitsa kamera kuposa anzake. Kenako amalowa m'nyumba ya eni yomwe yawomberedwa, n'kusuntha zithunzi za banja pa fuliji kuti ziyandikane ndi mabowo a zipolopolo. Kenako amafika pa ngozi apolisi asanafike, munthu ali gone pamsewu, iye n'kumukoka miyendo kuti agone pomwe pali kuwala kwa nyali za galimoto. Amabwerera m'mbuyo, kukweza kamera m'mwamba, nkhope ili mwee. Sanayang'ane n'komwe ngati munthuyo akupuma.

Ndipo chilankhulo chake ndi cha m'maphunziro a bizinesi a pa intaneti. Mnyamata wosowa pokhala, Rick, amamulemba ntchito pa madola 30 usiku umodzi, akumuuza za mwayi wokwezedwa. Pomaliza amamupereka kwa chigawenga kuti chimuwombere, n'kumujambula akufa, akumufotokozera kuti vuto lake linali losakhulupirika pa ntchito. Palibe mwana angatuluke mu sho akufuna kuyenda ngati Lou.

Tadala M.:
Pa Nightcrawler tigwirizana, koma kwa ine mwini filimu ndi Nina, amene anasewera Rene Russo, mkonzi wa nkhani za m'mawa pa siteshoni yomwe ili kumunsi pa chiwerengero cha oonera. Iye ndi amene amamuphunzitsa Lou katundu woyenda malonda. Akuti umbanda wa m'madera a anthu osauka si nkhani. Nkhani ndi pomwe wovulala ali mzungu wopeza bwino wa kumayadi, wolakwa ali wosauka kapena wakuda. Lou atabweretsa kanema wa anthu atatu ophedwa m'nyumba ku Granada Hills, anamulipira madola 15,000. Kenako zinadziwika kuti m'nyumbamo munali mankhwala osokoneza bongo, kutanthauza kuti zinali za okhaokha, osati achifwamba ongolowera banja losalakwa. Nina anakana kuulutsa zimenezo chifukwa zikanachotsa mantha, ndipo mantha ndi amene amasunga anthu pa TV mpaka otsatsa malonda alipire. Mayiyu si wamisala ayi. Kontirakiti yake ikutha, zaka zapita, akuopa kuchotsedwa. Ine amandiopsa kuposa Lou chifukwa anthu otere ndi ambiri.

Nachisale:
Ndakhala ndikungowerenga, koma lekani ndilankhuleko monga namwino. Inu mukukamba za Los Angeles, ine Lou Bloom ndimakumana naye pa ntchito, ndipo salipidwa ndi aliyense.

Tsiku lina madzulo kunachitika ngozi ya minibasi pa msewu wa M1. Ovulala anabwera pa lole ya munthu wachifundo. Tikuwatsitsa, anthu atizungulira, mafoni m'mwamba. Mnyamata wina anafika mpaka poweramira pa machira, foni pafupi ndi nkhope ya mayi amene chitenje chinali chitachoka. Ndinamukankha ndi chigongono chifukwa manja anali ndi magolovesi a magazi. Anandiyankha kuti akufuna abale adziwe. Sanafunse dzina la mayiyo, abale akewo akanawadziwa bwanji?

Patapita nthawi pang'ono kunafika mtsikana wovala yunifolomu ya sekondale, akuthamanga, nsapato imodzi m'manja. Palibe anamuimbira. Anaona pa sitatasi ya munthu wina chithunzi cha bambo atagona m'mbali mwa msewu atafunditsidwa chitenje kumutu, ndipo anazindikira jekete. Anandionetsa foniyo kuti nditsimikize. Chithunzicho chinali chitazungulira kale m'magulu, pansi pake anthu alemba "RIP" ndi tizithunzi tolira. Ife tinali tisanalembe n'komwe dzina m'buku.

Kale uthenga wa maliro unkayenda ndi anthu akuluakulu. Ankafika pakhomo, kukhala pansi, kuyamba ndi zina, kuonetsetsa kuti pali wogwira mayi akagwa. Ndiye mukamati vuto ndi a TV ofuna ndalama, ine ndimafunsa kuti mnyamata uja ankafuna chani? Palibe anamupatsa ngakhale 100 kwacha. Bandulo anagula yekha.

Mavuto Ndix:
Mayi, apa nthabwala ndasiya. Ankafuna kukhala woyamba. Pa gulu aliyense amafuna anene kuti "ndinaponya ndine". Ndipo amene timatsegula ndife, kenako timalemba kuti "abale musamaponye zoterezi" titaonera kale kawiri.

Nachisale:
Eya bambo. Ndipo mafilimu anuwa onse amaika mlandu pa munthu mmodzi woipa wonyamula kamera. Wa madala uja yekha ndi amene ndamva kuti anaonetsa khamu lolipira pachipata.

Yami ku Joni:
Moni nonse, ndachedwa, ndinali pa shifiti. Kuno zimenezi tinaziona ndi maso popanda filimu. Mlandu wa Oscar Pistorius, katswiri wothamanga amene anawombera chibwenzi chake kudzera pa chitseko cha bafa, utayamba ku Pretoria mu Malichi 2014, khoti linalola makamera, ndipo DStv inatsegula tchanelo chapadera, 199, cha mlandu wokhawo usana ndi usiku. M'masaluni, m'mashopu, paliponse anthu ankakangana za chitseko cha bafa ndi momwe loya Barry Roux amafunsira mafunso, mpaka anthu anapeka nthabwala ndi nyimbo za iye. Reeva Steenkamp, amene anaphedwa pa 14 Febuluwale 2013, nthawi zambiri ankangotchulidwa kuti chibwenzi cha Oscar. Mayiyu anali ndi digiri ya zamalamulo.

Koma amene akufanana ndi mafilimu anuwa ndi Thabo Bester. Munthu anamangidwa moyo wonse chifukwa chogwirira ndi kupha, atanyengerera akazi pa Facebook. Ali m'ndende ku Mangaung ankayendetsa kampani ya zofalitsa nkhani. Mu 2018 pa mwambo wina wapamwamba ku Sandton anaonekera pa sikirini atavala suti, anthu atauzidwa kuti akulankhula ali ku New York, pomwe ali m'ndende. Mu Meyi 2022 kunalengezedwa kuti wafa ndi moto m'chipinda chake. Mtembo unali wa munthu wina. Anagwidwa ku Arusha, Tanzania, mu Epulo 2023 pamodzi ndi dokotala Nandipha Magudumana. Kuyambira pamenepo nkhani inasanduka ya zovala. Wavala chani kukhoti lero, dokotala wadzola chani. Showmax inatulutsa pulogalamu ya iye mu 2024. Funsani munthu mu tekisi dzina la mnyamata amene mtembo wake unawotchedwa m'chipinda muja, muone ngati ayankhe.

Tadala M.:
Achimwene Yami, pa Bester pomwepo ndi pomwe ndikufuna tisamale. Amene anavumbula kuti munthuyo sanafe ndi atolankhani a GroundUp, kabungwe kakang'ono kosachita phindu. Anatsatira zikalata za kupima mtembo, anafunsa mafunso kwa miyezi, akuluakulu a ndende ali chete. Popanda iwo bwenzi Bester akugulabe zinthu m'mashopu a ku Sandton. Ndimaopa kuti mafilimu ngati awa amaphunzitsa anthu kuti mtolankhani aliyense ndi fisi, ndiye wandale akagwidwa ndi katangale amangoti "atolankhani ofuna kugulitsa nyuzi", anthu n'kuwomba m'manja.

Yami ku Joni:
Zoona achemwali, a GroundUp ndimawavulira chipewa. Koma taonani kuti anagwira ntchito ndi ena, anadyerera ndi ena. Amene anafukula nkhani sanapeze ndalama zomwe anapeza oonetsa masuti ake.

Daliso Chipata:
Pali nkhani ya ku Brazil yomwe ikanakhala filimu bwenzi tikuti olemba anawonjeza. Ku Manaus, mzinda wa m'nkhalango ya Amazon, kunali Wallace Souza, amene kale anali wapolisi. Ankaulutsa pulogalamu ya zaumbanda yotchedwa Canal Livre, yotchuka kwambiri, mpaka anthu anamusankha kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Amazonas. Pa TV ankakalipira zigawenga, kuonetsa mitembo, kunena kuti boma lalephera. Chomwe chinadabwitsa apolisi n'chakuti ojambula ake ankafika pamalo a chiwembu msanga kwambiri, nthawi zina apolisiwo asanamve. Mu 2009 anamuimba mlandu woti iye ndi gulu lake ndi amene ankalamula kuti anthu ena aphedwe, kuchotsa opikisana nawo pa malonda a mankhwala komanso kupezerapo nkhani za pulogalamu. Anachotsedwa uphungu. Iye anakana mpaka imfa yake mu 2010, mlandu usanaweruzidwe, ndiye khoti silinamupeze wolakwa. Ndipo mathero ake mukuwadziwa? Netflix inapanga pulogalamu ya iye mu 2019, Killer Ratings. Ndinaionera yonse usiku umodzi.

Mavuto Ndix:
Hahaha Daliso, ndiye iwenso uli pa mzere wa pachipata uja, tikiti m'manja.

Chiko wa ku Zomba:
Tonse tili pamzerepo. Koma ndibwerere kwa Stone, chifukwa Tadala sanandiyankhe. Ngati filimu yodzudzula kutchuka kwa akupha yasanduka chinthu chomwe akupha enieni amachikonda, mwini filimu alibe mlandu? Sindikunena wa kukhoti. Ndikunena woti ntchito yake inalephera.

Tadala M.:
Wa kukhoti unaliponso. Mu 1995 mnyamata ndi mtsikana a ku Oklahoma, ataonera filimuyi mobwerezabwereza atamwa mankhwala, anayenda ulendo pa galimoto. Anapha bambo wina ku Mississippi, n'kuwombera mayi wogulitsa m'shopu ku Louisiana, amene anapuwala. Bambo wophedwayo anali mnzake wa John Grisham, wolemba mabuku a milandu uja, ndipo Grisham analemba poyera kuti opanga filimu ayenera kuyankha ngati kampani yomwe yagulitsa katundu wovulaza. Banja la mayiyo linasumira Stone ndi kampani ya Time Warner. Mlandu unayenda zaka, khoti linautaya mu 2001 ponena kuti panalibe umboni woti Stone ankafuna kulimbikitsa anthu kupha, ndipo apilo inagwirizana nazo mu 2002. Anyamata awiri amene anapha anzawo pa sukulu ya Columbine mu 1999 ankatchula chiwembu chawo ndi zilembo zoyamba za dzina la filimuyi.

Zonsezi ndikuzidziwa, Chiko. Koma John Hinckley anawombera Pulezidenti Reagan mu 1981 pofuna kukopa Jodie Foster atamuona m'filimu ya Taxi Driver. Tinene kuti Scorsese, amene anaipanga, analephera? Munthu wodwala mutu amatola chilichonse. Mamiliyoni anaonera Natural Born Killers n'kupita kukagona.

Madala Mbewe:
Mwana wanga Tadala, ukunena zoona kuti filimu siigwira mfuti. Koma funso la mnzakoyu ndi lina. Sindinamvepo kuti wina anadzitcha Chuck Tatum. Wojambula amasankha pomwe aike kamera, ndipo amasankha amene amupatse nyimbo yabwino. A ku America anayesa kuthana nazo ndi lamulo. Mu 1977, David Berkowitz, amene anapha anthu angapo, atagwidwa ku New York, kunamveka kuti ofalitsa mabuku akufuna kumulipira kuti afotokoze mbiri yake, ndiye anakhazikitsa lamulo loti chigawenga chisapindule ndi nkhani ya mlandu wake. Khoti lalikulu linaligwetsa mu 1991 ponena kuti likuphwanya ufulu wolankhula. Komabe ngakhale likanakhala, linkatseka thumba la wakupha yekha. La wofalitsa linali lotsegula.

Nachisale:
Ndipo masiku ano wakuphayo safunanso Wayne Gale. Uja wa ku Christchurch, New Zealand, pa 15 Malichi 2019, anamangirira kamera pamutu n'kuulutsa yekha pa Facebook akupha anthu m'mzikiti. Anthu 51 anafa m'mizikiti iwiri. A Facebook ananena kuti m'maola 24 oyamba anachotsa makope 1.5 miliyoni a kanemayo. Makope amenewo sanadziponye okha. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Jacinda Ardern, inauza nyumba ya malamulo kuti sidzatchula dzina la munthuyo, ndipo inapempha anthu kuti azitchula maina a omwe anafa. Ine ndinaona kuti mayiyu anamvetsa chomwe munthu uja ankafuna kuposa mafilimu onsewa. Kanemayo anafika ngakhale pa gulu lathu la kumpingo. Anaponya ndi munthu wamkulu ndithu, pansi n'kulemba kuti tiwapempherere.

Daliso Chipata:
Mayi Nachisale, ilipo ina yomwe imagwira khamu pakhosi, ya ku Belgium ya 1992, Man Bites Dog. Anaipanga anyamata atatu ndi ndalama zochepa, yakuda ndi yoyera. Gulu la ojambula likutsatira wakupha wina, Ben, kuti lipange pulogalamu ya moyo wake. Ben ndi wanthabwala, amalakatula ndakatulo, amakonda amayi ake, amafotokoza kulemera kwa miyala yofunika kuti mtembo umire. Umaseka. Kenako ojambula aja ndalama zawathera, Ben n'kuyamba kuwalipirira. Kenako akumuunikira nyali, kenako akumuthandiza kunyamula mitembo, kenako akuchita nawo zinthu zoti sindingalembe pano. Pamene umasiya kuseka umapeza kuti unayenda nawo mtunda wautali. Imeneyo sindingaionerenso, ndipo ndikuganiza kuti eni ake ankafuna zomwezo.

Tadala M.:
Imeneyo ndi yamphamvu, koma ndi angati anaionera? Ace in the Hole inagwa pa msika. Man Bites Dog imadziwika ndi anthu ngati Daliso. Nightcrawler inapangidwa ndi madola 8.5 miliyoni, inapindula, inapikisana nawo pa Oscar ya nkhani yolembedwa bwino, koma mu vidiyo sho ya Mavuto sikanadzaza benchi. Ya Stone ndi imene inafika mpaka ku Ndirande. Mukufuna filimu yoyera yomwe palibe akuionera, kapena yodetsedwa yomwe tikukanganabe nayo patatha zaka 30?

Mavuto Ndix:
Inafika ku Ndirande, inde, koma uthenga unatsala pa Chileka. Ndipo akanaipeza anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja, bwenzi Mickey atamupatsa dzina la kwathu ndi mawu oti ana azibwereza pa mpira.

Chiko wa ku Zomba:
Mavuto wandiyankhira. Tadala, iwe unaimva chifukwa unaionera ukudziwa kale chomwe Stone akufuna kunena. Chotsa mawu onse, siya zithunzi zokha. Mu Nightcrawler utsala ndi munthu wowonda akukoka mtembo pamsewu. Mu Natural Born Killers utsala ndi anthu awiri okongola akupsompsonana.

Madala Mbewe:
Pali chimodzi chomwe Gilroy anamuposa Wilder, ngakhale ndimamukonda mkuluyo. Mu 1951 malamulo a Hollywood sankalola kuti woipa apulumuke. Ndiye Tatum chikumbumtima chimamugwira, mkazi wa Leo uja amamubaya ndi sizasi, amaitanira Leo wansembe, ndipo amakagwera mu ofesi ya nyuzi, nkhope pafupi ndi kamera. Woonera amapita kwawo mtima uli m'malo, poti woipa walangidwa. Lou Bloom apolisi amamufunsa n'kumusiya, umboni palibe. Filimu imatha ali ndi magalimoto awiri a kampani, antchito atsopano atavala mayunifolomu, akuwalangiza za kugwira ntchito molimbika.

Tadala M.:
Ndiye madala mukuvomereza kuti woipa akapulumuka filimu imakhala yoona. Mickey ndi Mallory nawonso anapulumuka. Bwanji kwa Lou mukuti ndi nzeru, kwa Stone mukuti ndi kukometsa?

Madala Mbewe:
Chifukwa Lou akamapita ndi magalimoto ake ine ndimafuna wina amuimitse. Awiri aja akamathyola ndende, ngakhale ine nkhalamba ndinkafuna atuluke.

Tadala M.:
Ndipo Stone angakuuzeni kuti kufuna kwanuko ndi kumene ankafuna mukuone.

Chiko wa ku Zomba:
Angatero, atalandira kale ya tikiti.

Daliso Chipata:
Awiriwa sagwirizana lero. Madala, Ace in the Hole muli nayo pa fulashi kapena tisake tokha? Ngati ili yaikulu musaponye pano, bandulo yanga yatsala pang'ono.